ZA UMOYO M'BANJA: Mwana Akupita ku Sukulu ya Unamwino, Timugulire Stethoscope Yotani?

 Nkhani ya mwezi uno yacokera kwa mai wina wa kwa Mwase Lundazi, m'boma la Lundazi, amene watilembera kalata yopempha nzeru. Mai ameneyu ndi mlimi, ndipo mwana wao wamkazi wapeza malo pa sukulu ya unamwino. Pamudzi pali cimwemwe cacikulu. Koma pamodzi ndi kalata yoitana mwanayo panabweranso mndandanda wa zinthu zoti apite nazo, ndipo pa mndandandapo pali stethoscope, cipangizo cija cimene adokotala ndi anamwino amakoleka m'khosi, comvetsera mtima ndi mapapo.

Banjali lagulitsa kale nshawa ndi soya, ndipo ndalama zambiri zapita ku malipiro a sukulu ndi yunifomu. Amalume ake a mwanayo, amene amakhala ku Lusaka, anena kuti yofunika kugula ndi ya Littmann yokha, cifukwa zina zonse ndi zidole. Atamva mtengo wake, amai anagwira pakamwa. Ku boma anaonako ina yochipa kwambiri, koma akuikayikira. Atate ake a mwana akufuna kutenga kaloba kuti mwana wao asakacite manyazi pakati pa anzake. Tsono funso ndi lakuti: acite ciani?

Amai, yankho lathu ndi ili: kaloba musatenge, ndipo yochipitsitsa ija musagulenso ai. Pakati pa ziwirizi pali stethoscope ya mtengo wapakati, yolimba ndi yomveka bwino, imene ingamufikitse mwana wanu kumapeto kwa maphunziro ake. Popeza mabanja ambiri ali pa mphambano yomweyi, tiyeni tifotokoze zifukwa zake, ndiponso m'mene munthu angaidziwire yabwinoyo.

Inayamba ndi pepala lokulunga

M'caka ca 1816, pa cipatala ca Necker mu mzinda wa Paris ku France, panali dokotala dzina lake René Laennec. Masiku amenewo dokotala akafuna kumva mtima wa wodwala ankagunditsa khutu lake pacifuwa penipeni. Tsiku lina anamubweretsera mtsikana wodwala mtima, ndipo cifukwa ca ulemu Laennec anaona kuti sikunali koyenera kutero. Anatenga mapepala, nawakulunga ngati citoliro, naika mbali imodzi pacifuwa ca wodwalayo, mbali inayo kukhutu kwake. Anadabwa kumva mtima ukugunda momveka bwino kuposa m'mene ankaumvera ndi khutu lokha.

Pambuyo pake anasema cipangizo ca mtengo coboola pakati. Ndi kamtengo komweko anaphunzira kusiyanitsa mamvekedwe a cibayo, a cifuwa cacikulu ndi a madzi odzaza m'cifuwa, ndipo mu 1819 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza zimenezi. Iye mwini anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1826, ali ndi zaka 45. Stethoscope ya makutu awiri inabwera pambuyo, pamene Arthur Leared anaonetsa yake mu 1851 ndipo George Cammann wa ku New York anakonza ina mu 1852. Dzina lakuti Littmann, limene amalume achula, ndi la David Littmann, dokotala wa mtima wa pa yunivesite ya Harvard ku America, amene kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 anakonza stethoscope yopepuka ndi yomveka bwino kwambiri.

Motero amalume sakunama ponena kuti ya Littmann ndi yabwino. Koma taonani kuti munthu amene anaphunzitsa dziko lonse kumvetsera m'cifuwa anacita zimenezo ndi pepala ndi mtengo. Cipangizo cimangofikitsa mau kukhutu. Kuzindikira tanthauzo la mauwo ndi nchito ya khutu lophunzitsidwa, ndipo khutu lotero siligulitsidwa m'sitolo.

Kodi wophunzira adzamvetsera ciani?

Tisanagule khasu timayamba tadziwa munda umene likalime. Nchito yaikulu imene wophunzira unamwino amagwira ndi stethoscope, tsiku ndi tsiku, ndiyo kupima kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP. Njira yake inatulukiridwa ndi dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, mu 1905. Namwino amamanga lamba pamkono wa wodwala, nalipopa mpweya mpaka magazi ataleka kuyenda mu mtsempha. Kenaka amaika stethoscope m'kati mwa cigongono, natulutsa mpweya pang'onopang'ono, ali chutu kumvetsera. Pamene wamva kugunda koyamba, pamenepo ndiye pali nambala yapamwamba. Pamene kugundako kwazimiririka, pamenepo pali nambala yapansi.

Mau amenewa ndi apansipansi. Ngati cipangizo cili cosamveka, namwino amaphonya kugunda koyamba, nalemba nambala yocepa kuposa yeniyeni. Apa ndipo pagona ngozi. Mai wapakati amene wapitirira miyezi isanu, BP yake ikafika 140/90 kapena kupitirira, amafunika kuonedwa mwamsanga, cifukwa cikhoza kukhala cizindikiro ca matenda oopsa aja amene amatupitsa thupi, kupweteketsa mutu, ndipo pomaliza kumugwetsa mai ngati wa khunyu. Nambala yolakwika ikhoza kubweza mai wotere kunyumba pamene anayenera kutumizidwa ku cipatala cacikulu.

Kumbukiraninso kuti ambiri mwa ana athu akatsiriza maphunziro amatumizidwa ku zipatala zazing'ono za kumidzi, zonga ca kwa Mwase komweko, kumene namwino ndiye amayamba kumuona wodwala ndi kuganiza ngati ayenera kupita ku cipatala ca boma ku Lundazi. Kumeneko amapima ana akulira, anthu akulankhula pakhonde, mwina mvula ikuwomba pamalata. Zoona, masiku ano kuli makina opima BP oyendera mabatire, koma mabatire amatha ndipo makina amafa. Namwino wodziwa kupima ndi khutu lake sasowa pogwira. Ici ndico cifukwa cake tikukana yochipitsitsa ija.

Kupatula BP, wophunzira amawerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, kumene kwa munthu wamkulu wopumula kumakhala pakati pa 60 ndi 100. Amamvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mapapo, naphunzira kulira kwa mluzu kwa wodwala mphumu, ndi kuthetheka kwa cibayo, kumene kumamveka ngati mcere uli pamoto. Amamvetseranso kulira kwa matumbo, makamaka kwa wodwala amene wacitidwa opareshoni. Zonsezi stethoscope ya mtengo wapakati imazimveketsa bwinobwino. Zodula kwambiri zija anazikonzera makamaka akatswiri ofufuza timau tobisika ta m'kati mwa mtima, nchito imene si ya wophunzira wa caka coyamba.

Yambani mwafunsa

Safunsa anadya phula. Musanapite ku sitolo, werengani bwino kalata ya sukulu kuti muone ngati achulapo mtundu umene akufuna. Kuno kum'mawa anamwino amaphunzitsidwa pa cipatala ca St. Francis ku Katete, pa cipatala cacikulu ca Chipata, ku Mwami, ndiponso ku Lundazi komwe, ndipo sukulu iriyonse iri ndi aphunzitsi ndi ophunzira a caka caciwiri ndi cacitatu amene akudziwa zipangizo zimene zakhalitsa ndi zimene zinafa msanga. Kawirikawiri masabata oyamba ophunzira amakhala m'kalasi asanayambe kulowa m'mawodi. Ngati sukulu ilola, ndi bwino kumupatsa mwana ndalamayo kuti akagule atafika, ataona ndi kuyesa za anzake.

Mitengo sitiilemba pano cifukwa imasintha kawirikawiri. Funsani m'masitolo awiri kapena atatu ogulitsa mankhwala ndi zipangizo za cipatala, kaya ku Lundazi, kaya ku Chipata, kapena mutume wacibale ku Lusaka. Mudzaona nokha kuti ndalama yogulira imodzi ya dzina lochuka ingagule zingapo za mtengo wapakati.

Kuiyesa musanalipire

Mwana wanu apite yekha kukayesa, pakuti makutu amene adzaigwiritsa nchito ndi ake. Apemphe wogulitsa kuti aitulutse m'bokosi, ndipo aone zinthu izi:

1. Mutu wake. Ndi kacitsulo kozungulira kamene kamaikidwa pathupi la wodwala. Kakhale kolemererako m'manja, ka citsulo cosacita dzimbiri. Kopepuka ngati cotsekera botolo, kaya ka pulasitiki, kamataya mau. Ndi bwino kusankha mutu wa mbali ziwiri. Mbali yaikulu iri ndi kacikopa kopyapyala ngati ka ng'oma, ndipo imamveketsa mau okwera monga a mpweya ndi a matumbo. Mbali yaing'ono iri ngati kabelu, ndipo imamveketsa mau otsika.

2. Mphira wake. Ukhale wocindikala, wofewa, wopanda ming'alu. Aupinde ndi kuona ngati ukubwerera bwino. Mphira wopyapyala umalowetsa phokoso la m'cipinda. Utali wa masentimita 55 mpaka 70 ndi wokwanira. Kuli mtundu wina wa mipaipi iwiri yoyendera limodzi. Umamveka ndithu, koma ndi wolemera, ndipo mipaipiyo ikamakhudzana imacita phokoso losokoneza wophunzira.

3. Zolowa m'makutu. Zikhale zofewa, zotseka bwino khutu popanda kupweteka. Povala, nsonga zake ziloze kutsogolo, ca kumphuno, cifukwa ndi m'mene njira ya khutu inapendekera. Akavala bwino, phokoso la m'sitolo liyenera kucepa nthawi yomweyo. Zolimba ngati mwala zimapweteka, ndipo munthu wopima odwala makumi angapo patsiku sangazipirire.

4. Kutembenuza mutu. Pa stethoscope ya mbali ziwiri, mbali imodzi yokha ndiyo imakhala yotseguka. Agogode pang'ono ndi cala pa kacikopa kaja. Ngati sakumva kanthu, atembenuze mutuwo mpaka utakhazikika, nagogodenso. Ophunzira ambiri amayesa kuti agula cakufa pamene angoiwala kutembenuza.

5. Kumvetsera mtima. Aike pacifuwa cake, kumunsi kwa bere lakumanzere, ndipo amve kugunda kuwiri kosiyana bwino, osati kungonjenjemera kwakutali. Ayese ziwiri kapena zitatu motsatizana. Kusiyana kwake adzakumva yekha ngakhale asanaphunzire kalikonse.

6. Zosinthira. Afunse ngati m'bokosimo muli zolowa m'makutu zapadera ndi kacikopa kena, pakuti zimenezi ndizo zimayamba kutha. Asaiwale kutenga lisiti.

Wogulitsa amene akana kuti muyese, musiyeni ndi katundu wake.

Cenjerani ndi zacinyengo

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Popeza dzina la Littmann ndi lochuka, anthu ena amapanga zabodza nalembapo dzinalo, bokosi lake lokongola ngati lenileni. Mukaona wina akugulitsa pamsewu, pa Facebook kapena pa WhatsApp, pamtengo wotsika modabwitsa, dziwani kuti mwina ndi yacinyengo. Yoteroyo ndi yoipa kuposa ya mtengo wapakati yosachuka, cifukwa mumalipira dzina koma n'kulandira cidole.

Njira ina yabwino ndiyo kupeza yogwiritsidwapo kale nchito. Ngati m'banja kapena pamudzi pali namwino amene anapuma pa nchito, kapena amene wagula yatsopano, musacite manyazi kumufunsa. Mutu wa citsulo cabwino sukalamba msanga. Cofunika ndi kuona kuti mphira sunaume kapena kuyamba kunanda, kenaka kusintha zolowa m'makutu ndi kacikopa, ndi kuipukuta bwino.

Kuisamala kuti ikhalitse

Maphunziro a dipuloma ya unamwino amatenga zaka zitatu, ndipo stethoscope yosamalidwa bwino ingapitirire pamenepo. Mutu wake uzipukutidwa ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti akatha kupima wodwala aliyense, cifukwa umanyamula tizilombo kucoka pa munthu wina kupita pa wina monga m'mene manja amacitira. Isamizidwe m'madzi, isawiritsidwe, ndipo isacapidwe ndi mankhwala oyeretsera zovala. Isasiyidwe padzuwa kapena pazenera, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Thukuta ndi mafuta odzola zimaumitsa mphira, cotero ndi bwino kuikoleka pamwamba pa kolala ya yunifomu, osati pakhungu la khosi, kapena kuisunga m'thumba mosaipinda kwambiri.

Cinanso, ilembedwe dzina tsiku lomwe yagulidwa, pozokota pa citsulo kapena pomangirira kacikwangwani kolimba. M'mawodi ndi m'nyumba zogona ophunzira zipangizo zimafanana, zimabwerekedwa, ndipo zina sizibwerera. Ici ndi cifukwa cina cimene sitikulangizira kumupatsa wophunzira woyamba cinthu cimene banja lalowera ngongole. Yapakati ikatayika, mumadandaula n'kugula ina. Ya kaloba ikatayika, mumatsala mukubweza ndalama ya cinthu cimene kulibe.

Ndalama yotsalayo ipite kuti?

Pali kacipangizo kena kochipa kamene ambiri amakapeputsa, ndiko wochi yokhala ndi muvi wa masekondi, yokoleka pacifuwa pa yunifomu. Popanda iyo sangawerenge kugunda kwa mtima kapena kupuma kwa wodwala. Cizindikiro cacikulu ca cibayo mwa ana aang'ono ndico kupuma mofulumira: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, ndi mwana wa caka cimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kupitirira. Kuwerenga kumeneku kumafuna maso ndi wochi cabe, koma kwapulumutsa ana osawerengeka.

Pomvetsera mtima wa mwana amene ali m'mimba, azamba amagwiritsa nchito kalipenga kaja kamene anakonza dokotala wa ku France, Adolphe Pinard, mu 1895. Mtima wa mwana wosabadwa umagunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi. Kalipengako ndi ka mtengo, ka citsulo kapena ka pulasitiki, kopanda batire, ndipo mpaka lero kakugwira nchito m'zipinda zocirira. Nakonso kakutikumbutsa kuti m'cipatala cinthu sicikhala cofunika cifukwa ca kudula kwake.

Onjezanipo nsapato zabwino, pakuti namwino amakhala ciimire tsiku lonse, ndiponso sopo, makope, ndalama yoyendera, ndi malipiro a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene lisanabwere lamulo la mu 2019 linkachedwa General Nursing Council. Zonsezi zidzafuna ndalama caka ndi caka, osati kamodzi kokha.

Mau kwa atate ndi kwa amalume

Atate, cikondi canu tacimva. Palibe kholo limene limafuna kuti mwana wake aoneke wosauka pakati pa anzake. Koma ciwongoladzanja ca kaloba cimakula mwezi ndi mwezi, pamene munda umabereka kamodzi pacaka. Ndalama imene mudzabweza m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itatsika, ndi yomweyo inayenera kugula feteleza ndi kulipira temu yotsatira. Manyazi enieni si kukhala ndi stethoscope yosachuka, koma kubwezedwa kunyumba pakati pa caka cifukwa ca malipiro. Pa mayeso a m'wodi aphunzitsi sayang'ana dzina lolembedwa pa citsulo. Amayang'ana ngati nambala imene wophunzira wapeza ikugwirizana ndi imene iwo apeza.

Amalume, ngati mtima wanu uli pa Littmann, sungani ganizo limenelo. Lero thandizani pa malipiro kapena pa ulendo. Tsiku limene mphwanu adzatsiriza maphunziro, mudzamupatse ngati mphatso. Pamenepo khutu lake lidzakhala litakhwima, adzadziwa mbali ya unamwino imene akufuna kutsata, ndipo adzaiyamikira koposa.

Mau kwa iwe mwana wathu

Ukagula stethoscope yako, usaisunge m'sutukesi kudikira tsiku la mayeso. Mvetsera zifuwa za anzako a m'cipinda, ndipo pa chuthi upemphe abale ako kuti uwamvetsere, akulu ndi ana omwe. Munthu amene wamva mitima ndi mapapo ambiri a anthu athanzi ndiye amazindikira msanga pamene cina calakwika. Ukapima BP, pempha namwino wamkulu apimenso, ndipo muyerekeze. Ngati sunamve bwino, nena kuti sunamve. Usalembe nambala yongoganizira cifukwa coopa kusekedwa, pakuti pa nambala imeneyo pali moyo wa munthu.

Ukabwera kumudzi, anthu adzayamba kukuchula kuti anesi, ndipo ena adzafuna kuti uwauze matenda ao ndi mankhwala oti amwe. Uwalandire mwaulemu, koma uwatumize ku cipatala. Ukadali wophunzira.

Pomaliza, kumbukira kuti cipangizo cimeneci cinabadwa cifukwa dokotala wina anacitira ulemu wodwala wake. Usanaike citsulo pathupi la munthu, umupatse moni, umuuze cimene ufuna kucita, ndi kupempha cilolezo. Chinga nsalu kuti ena asamuone. M'mamawa wa Juni ndi Julayi, yamba wafunditsa citsuloco m'dzanja lako, makamaka popima khanda kapena agogo. Zimenezi sizifuna ngwee ngakhale imodzi, koma odwala amazikumbukira zaka zambiri.

Amai a kwa Mwase, mwana wanu tikumufunira maphunziro abwino. Awerengi ena amene muli ndi mafunso okhudza umoyo wa m'banja, pitirizani kutilembera.